Mwana akangoti zii, musathamangire kumuuza kuti apirire

Inu amene mumadzuka tambala asanalire, n'kukaima pamsewu ku Mkoba kudikira kombi kuti mukafike ku Southdowns kapena ku Kopje adona asanachoke, mumamudziwa bwino mwana wa abwana anu. Mumadziwa phala limene amalikonda ndi limene amalilavula. Akangokhala ndwii pakona, mumazindikira kuti kusukulu kwachitika kanthu, ndipo mayi ake akafika madzulo mumawanong'oneza. Inunso amene mumagwira ntchito m'mafamu a m'mbali mwa msewu wa ku Shurugwi kapena wa ku Mvuma, ng'ombe ikangogwetsa makutu n'kusiya kubzikula, mumadziwa kuti yadwala mwini wake asanaione n'komwe. Maso oona zinthu zotere muli nawo. Nanga mwana wanu wobereka nokha, amene mumamusiya ali m'tulo n'kudzamupeza akusinza, mudamuyang'anitsitsa liti komaliza?

Sindikufunsa ngati munthu amene adachita bwino. Mnyamata wanga ali Fomu 3 adasiya mpira umene ankauthamangira ngakhale mvula ikugwa. Adayamba kudandaula mutu pafupifupi m'mawa uliwonse. Nsima ankangoitema kawiri n'kusamba m'manja, ndipo mlongo wake akamuyankhula ankamukalipira ngati wamuponda pachilonda. Ine ndidati ndi ulesi wosanganikirana ndi mwano, ndipo ndidamulanga monga momwe bambo anga ankandilangira. Padapita miyezi 3. Amene adandidzudzula ndi agogo ena oyandikana nafe nyumba, omwe masana ankamuona atakhala kuseri, manja ali m'masaya. Adandiitana nati: "Bambo, mnyamata wanuyu sakuchita dala ayi. Akudwala. Mupite naye kukiliniki." Lero mwanayo ali bwino, koma ndikakumbukira miyezi ija mtima umandipweteka.

Cholowa chathu ndi malire ake

Ife a mbumba yochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia tili ndi cholowa chimodzi chimene makolo athu adatisiyira, ndicho kupirira. Agogo athu adayenda wapansi masabata ambiri, kudutsa ku Tete ndi kuoloka Zambezi, ena adakwera malole a Ulere, ena adalembedwa ndi Mthandizi, kudzafuna ntchito dziko lino lidakali Southern Rhodesia. Adakumba miyala ya chrome ku Shurugwi, komwe nthawiyo kunkatchedwa Selukwe. Adapuma fumbi la asbestos ku Zvishavane, adasungunula chitsulo ku Redcliff, adagona mothithikana m'makomboni. Ambiri sadabwererenso, ndipo kumudzi adawatcha matchona. Kupirira kudawasunga. Kudatisunganso ife m'chaka cha 2000, mafamu atayamba kulandidwa ndipo antchito ambiri adasowa kolowera. Kudatisunga mu 2005 nyumba zikugwetsedwa pa Murambatsvina, ndiponso mu 2008 pamene ndalama idasanduka mapepala ndipo ng'anjo za Ziscosteel zidazima.

Munthu amene wadutsa m'zimenezi akaona mwana wa zaka 14 akungogona masana dzuwa likuswa mtengo, mawu oyamba kumufika pakamwa ndi akuti: "Ife tidavutika kuposa iwe, koma sitidachite zimenezi." Mawuwo ndi oona, ndipo sindikuwanyoza. Komabe kupirira kuli ndi malire. Kumathandiza pa njala, pa chisanu cha mu June cha ku Gweru kuno, ndi pa chipongwe cha kapitawo. Pa matenda sikuthandiza. Palibe kholo limene limauza mwana wodwala chifuwa chachikulu kuti angolimba mtima. Timamubereka kumsana, ulendo wa kuchipatala. Mfundo yanga ndi yakuti pali matenda ena amene ana athu akudwala, osatentha thupi, osatuluka zilonda, ndipo ife tikuwapatsa kupirira m'malo mwa chithandizo.

Matendawa achipatala pa Chingerezi amawatcha depression. Anzathu a Chishona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso. Ife tinene kuti ndi matenda ovutika maganizo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lina la m'maganizo, ndipo pafupifupi theka la mavuto otere amayamba munthu asanapitirire zaka 14. Limatinso kudzipha kuli m'gulu la zinthu zikuluzikulu zimene zikutenga miyoyo ya achinyamata a zaka 15 mpaka 29. Tikatengera chiwerengero chimenechi, m'kalasi ya ana 42 mungakhale ana 6 amene asenza katundu wosaoneka. Awa si ana a kumayadi okha. Ena mwa iwo ndi athu.

Mmene matendawa amaonekera

Mwana aliyense amakhumudwa. Akalephera mayeso, akayambana ndi mnzake, kapena pakagwa maliro, amalira, ndipo pakapita masiku amayambanso kuseka. Matenda amasiyana ndi chisoni chotere pa kutalika ndi pa kulemera kwake. Achipatala amayamba kuwaganizira ngati kusinthako kwatenga masabata 2 kapena kupitirira, kukuchitika pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kukusokoneza sukulu, kadyedwe, tulo kapena kucheza ndi anthu.

Chimene chimatisokeretsa makolo ambiri n'chakuti mwana wodwala chonchi kawirikawiri saoneka wachisoni. Amaoneka waukali. Kanthu kakang'ono amapsa nako mtima, amamenyetsa chitseko, amayankha mokhadzula. Ana aang'ono amadandaula m'mimba kapena mutu, ndipo kukiliniki akawayeza sapeza kanthu. Ena amakakamira mayi awo, kapena amakana kupita kusukulu kumene ankakukonda.

Muyang'ane zimene mwana wasiya. Amene ankaimba kwaya sakupitanso. Amene anzake ankamuitana pampanda tsopano amawauza kuti anene kuti kulibe. Muyang'ane tulo: ena amagona usana wonse koma n'kudzuka otopa, ena amangotembenuka pamphasa mpaka m'bandakucha. Muyang'ane mbale: ena chakudya sichilowa, ena amadya mosaleka. Muyang'ane makope a kusukulu, chifukwa matendawa amalanda munthu mphamvu yoika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo mwana amene ankakhoza amayamba kutsika popanda chifukwa chooneka. Mumvetsere mawu amene amaponya mongodutsa: "Ine ndine wachabechabe." "Ndimangokuvutitsani." "Bola ndikadapanda kubadwa." Mukaona zipsera zodzicheka pamikono, kapena mwana akuvala malaya a manja aatali kutentha kwa mu October, musazengereze.

Kwa anyamata makamaka, matendawa amabisala kuseri kwa mowa, chamba, bronco ndi mutoriro, zimene zafala m'malokeshoni athu. Nthawi zina mankhwala osokoneza bongowo ndiwo amabweretsa matenda, nthawi zina mwana amawathamangira kuti aziziritse ululu umene adali nawo kale. Mulimonsemo, mwana wotere akufunika kuonedwa ndi achipatala. Kumuthamangitsa pakhomo ndi kumupereka m'manja mwa omwe akumugulitsa zinthuzo.

Katundu amene ana athu asenza

Matendawa alibe gwero limodzi. Amatha kuyenda m'magazi a pabanja. Amatha kudza pambuyo pa imfa ya kholo, nkhanza za m'nyumba, kugwiriridwa, kuzunzidwa ndi anzake kusukulu, kapena matenda okhalitsa monga HIV. Nthawi zinanso amangofika popanda chooneka chimene chawaputa. Choncho kholo lisadziimbe mlandu wonse. Koma tisabisenso kuti ana a anthu obwera ali ndi akatundu ena amene anzawo alibe.

Woyamba ndi wa mapepala. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya anthu ambiri obadwira m'dziko muno opanda dziko, chifukwa lidawalamula kukana unzika wa maiko amene ena sadawapondepo n'komwe. Ambiri a ife timakumbukira chitupa cholembedwa kuti ALIEN. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adakonza mbali ina: gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Gawo 81 limati mwana wobadwira muno ayenera kupatsidwa setifiketi yakubadwa mosachedwa. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti losonyeza kuti mabanja ambiri a mbumba ya anthu obwera adakalibe mapepala. Taganizirani mtsikana wanzeru amene akuona anzake akulembetsa mayeso a Giredi 7, iye akuuzidwa kuti abwere ndi pepala limene mayi ake alibe, ndipo agogo akenso adalibe. Mwana wotere amaphunzira msanga kuti khama lake silimufikitsa kulikonse. Maganizo amenewo ndi nthaka yachonde ya matendawa. Kulondola setifiketi ya mwana ku ofesi ya kalembera, ngakhale pafunike maulendo angapo, ndi mbali ya kusamalira umoyo wake.

Wachiwiri ndi wa maina onyoza. Ife akuluakulu tidazolowera kutchedwa mabhurandaya kapena mabwidi, timangogwedeza mutu n'kupitirira. Mwana wa zaka 12 sadazolowere. Ena amafika pobisa chiwongo chawo ndi kukana kuyankhula Chichewa panja. Mwana akamachita manyazi ndi dzina la bambo ake, mufunseni chimene akumva kusukulu.

Wachitatu ndi ife eni ake, kapena kuti kusapezeka kwathu. Wantchito wa m'nyumba wogonera konko amaona ana ake kamodzi pa sabata, ena kamodzi pa mwezi. Wa pafamu nyengo yokolola amachoka mdima n'kubwera mdima. Ena ana adawasiya ndi agogo ku Mkoba iwo ali ku Polokwane kapena ku Johannesburg, ena adawatumiza ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi. Sitidachite izi mwa kufuna. Tidatero kuti anawo adye. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana akayamba kusintha, palibe wamkulu amene amakhala naye nthawi yokwanira kuti aone.

Za ufiti, pemphero ndi chikwapu

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti mwana wotere walodzedwa, kapena mizimu ya kwathu yakwiya chifukwa tidachona. Ena mukuti mankhwala ake ndi pemphero. Sindikufuna kulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, mizikiti imene abale athu a Chiyawo adamanga m'migodi, ndiponso mabwalo a Gule Wamkulu, ndizo zidasunga mtundu wathu m'dziko lachilendo. Pempherani. Koma mwana akathyoka mwendo timapemphera tili pamzere wa kuchipatala, ndipo pa matenda awanso tizichita chimodzimodzi. Chimene ndikukana ndi kumanga mwana zingwe, kumusala chakudya mokakamiza, kapena kumuimika pamaso pa gulu kuti aulule tchimo limene sadachite. Mwana amene akudziona kale ngati wachabechabe, mukamuuza kuti ali ndi chiwanda, mwamutsimikizira bodza limene matendawo akumuuza usiku uliwonse.

Za chikwapu ndanena kale kuti ndidachigwiritsa ntchito. Chimene chidachita ndi kumuphunzitsa mwana wanga kubisa. Adayamba kudzuka m'mawa, kuvala yunifolomu, kuchoka pakhomo, n'kukakhala kuthengo mpaka nthawi yoweruka. Ine ndinkati wawongoka, pamene iye adali atangosiya kundionetsa.

Poyambira ndi kukhala pansi

Musamuitane mwana ngati mukumuzenga mlandu, abale onse atazungulira. Ana ambiri amamasuka pamene manja ali pa ntchito ndipo maso sakuyang'anizana: posankha nyemba, pochapa, popita kukatunga madzi kumjigo. Yambani ndi chimene mwaona: "Mwanawe, ndaona kuti masiku ano sukudya bwino, ndipo kumpira udasiya. Sindikukukalipira. Ndikufuna ndimve chimene chikukusautsa." Mukatero, khalani chete. Mwina adzayankha kuti palibe. Musaumirire, koma mubwerezenso mawa kapena mkuja. Akayamba kuyankhula, musamudule ndi malangizo, ndipo musamuyerekeze ndi mwana wa uje kapena ndi ubwana wanu. Akakuuzani chinthu chopweteka, monga kuti wachibale kapena munthu wina wamkulu adamuchita zoipa, mukhulupirireni ndi kumuteteza kaye. Zofufuza zibwere pambuyo.

Pali funso limene makolo timaliopa kwambiri, koma liyenera kufunsidwa mosapsatira: "Kodi nthawi zina umaganiza kuti bola kufa? Udaganizapo zodzipha?" Ambiri amakhulupirira kuti kufunsa chonchi kumadzala maganizowo mwa mwana. Akatswiri adafufuza ndipo adapeza kuti sizitero. Mwana amene adali nawo kale maganizowo amapepukidwa akaona kuti kholo lake latha kuwamva osakomoka. Akayankha kuti inde, musakuwe, musamutukwane, ndipo musamuuze za kumoto. Musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu a m'mafamu, pano ndipempha mumvetsetse. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa 5 aliwonse odzipha padziko lapansi amamwa mankhwala opha tizilombo ta m'munda. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri a mtunduwu, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi kupitirira theka pakati pa 1995 ndi 2015. Chifukwa chake n'chakuti maganizo ofuna kudzipha nthawi zambiri amafika mwamphamvu kwa kanthawi kenaka n'kuphwa, ndipo ngati chinthu choopsa sichili pafupi, munthuyo amapulumuka ora loipalo. Choncho mankhwala opopera, a dibi, a makoswe, ngakhale mapiritsi a akuluakulu, asakhale pansi pa bedi kapena pawindo. Akhale mokiyidwa, makamaka kunja kwa nyumba yogona. Mwana akamwa chinthu chotere, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangani naye kuchipatala mutatenga botolo lake. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko limati palibe munthu angakanizidwe chithandizo chadzidzidzi pachipatala chilichonse. Limati munthu, silifunsa chitupa.

Kumene chithandizo chili

Makolo ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo kukiliniki, mwana atumizidwa ku Ingutsheni ku Bulawayo, monga momwe kwathu ankaopera za ku Zomba, ndipo adzatchedwa wamisala moyo wake wonse. Matenda ovutika maganizo si misala, ndipo ana ambiri amathandizidwa akugona kwawo ndi kupita kusukulu. Poyambira ndi kiliniki ya pafupi, monga Mkoba Polyclinic. Afotokozereni anamwino zimene mwaona ndi nthawi imene zidayamba. Iwo adzaona ngati palibe matenda ena a m'thupi, monga kuchepa kwa magazi, ndipo pakafunika adzakutumizani ku Gweru Provincial Hospital. Malangizo a WHO amati kwa ana ndi achinyamata chithandizo choyamba ndi uphungu ndi kuthandiza banja lonse. Mapiritsi a matendawa sapatsidwa kwa ana osakwana zaka 12, ndipo kwa okulirapo amaperekedwa pokhapokha dokotala akuyang'anira mosamala. Musagule mapiritsi pamsewu, ndipo musamugawire mwana a munthu wina.

Dziko lino lili ndi chinthu china chimene maiko ena adabwera kudzaphunzirako. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda amasimba kuti mu 2005 mtsikana wina amene ankamuthandiza adadzipha, ndipo atafunsa chifukwa chimene sadabwere naye ku Harare, mayi ake adati adalibe ndalama ya basi. Mu 2006 iye adayamba ntchito ya Friendship Bench ku Mbare ndi agogo aakazi 14. Agogowo amaphunzitsidwa kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti alithetse, atakhala pabenchi lamatabwa panja pa kiliniki. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya JAMA adatsata anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare. Patapita miyezi 6, mwa anthu 100 aliwonse amene adakhala pabenchi, pafupifupi 14 okha ndiwo adali ndi zizindikiro za matendawa, pamene mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali pafupifupi 50. Kafukufukuyo adali wa akuluakulu, koma pambuyo pake padakhazikitsidwanso nthambi ya achinyamata, ndipo Gweru ndi umodzi mwa mizinda yoyamba kumene mabenchiwo adafika. Funsani pakiliniki yanu. Benchilo lingathandizenso inuyo, pakuti kholo limene lasweka mtima limavutika kunyamula mwana.

Palinso nambala ya 116 ya Childline Zimbabwe, yaulere, imene mwana kapena kholo angaimbe. Ngati ana anu ali ku Malawi, nambala ya ana kumeneko ndi 116 yomweyo, ya Tithandizane. Ilembeni pachikuto cha kope la mwana. Mukaonanenso ndi aphunzitsi ake, chifukwa iwo amakhala naye maola ambiri kuposa inu. Ngati chikumudya ndi ngongole ya fizi, dziwani kuti lamulo la maphunziro losinthidwa mu 2020 limaletsa kuchotsa mwana sukulu chifukwa cha fizi kapena mimba, ndipo mungafunse za thandizo la BEAM.

Nthawi yokhala ndi mwana ndi nkhani ya ufulu wa wantchito

Zonse ndanenazi zimafuna chinthu chimodzi chimene ntchito zathu zimatilanda, ndicho nthawi. N'chifukwa chake nkhaniyi ikuyenera kukhala m'kalata ya ufulu wa antchito. Lamulo la ntchito la Zimbabwe, pa gawo 14C, limapatsa wantchito aliyense maola osachepera 24 otsatizana opuma pa sabata. Gawo 14B limalola tchuthi chapadera cha masiku ofika 12 pa chaka, malipiro osadulidwa, pa zifukwa zingapo, kuphatikizapo imfa ya m'banja ndi vuto lina lililonse lomveka la pabanja. Kupita ndi mwana wodwala kuchipatala ndi chifukwa chomveka. Pemphani kalata kwa anamwino yosonyeza tsiku limene mukufunika, ndipo muwauze abwana nthawi idakalipo. Simukakamizidwa kuulula zonse zimene mwana akudwala. "Mwana wanga akuonedwa ndi achipatala" ndi mawu okwanira.

Wina anena kuti lamulo lili papepala, pamene iye alibe ngakhale kontirakiti, ndipo akapempha tsiku limodzi mawa apeza wina atavala epuloni yake. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo sindingakulonjezeni kuti abwana onse adzamva. Ichi ndicho chifukwa chake nkhaniyi isakhale ya munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. A m'mafamu muli ndi GAPWUZ, a m'nyumba muli ndi ZDAWU, ndipo ku Gweru kuli maofesala a boma oona za ntchito. Pamisonkhano yathu timakamba za malipiro, za zovala zodzitetezera ndi za nyumba. Tiyambe kukambanso za tsiku lopuma losabedwa, za ufulu woyankha foni ya mwana nthawi ya ntchito pakagwa vuto, ndi za malo okiyira mankhwala oopsa m'makomboni. Bwana amene amatikhulupirira kuti tilere mwana wake sangadabwe kumva kuti nafenso tili ndi wathu.

Inu amene muli kutali ndi ana anu, ndalama ya pa EcoCash kapena pa Mukuru imagula ufa, koma siimva mawu a mwana. Sankhani tsiku ndi ora la kuimba foni limene mwana adzalidziwa, ndipo mulisunge. Muyankhule naye payekha, osati pamaso pa amene akumusunga. Musayambe ndi funso la mayeso. Mufunseni za anzake, za tulo, ndi za chimene chamusangalatsa kapena kumukhumudwitsa sabata imeneyo. Mupezenso munthu wamkulu mmodzi wodalirika, kaya ndi azakhali, aphunzitsi kapena mayi wa kumpingo, amene adzamuona ndi maso n'kukuuzani zoona.

Ndipo tonsefe tikhale ngati agogo aja amene adandiitana ine. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mabungwe athu a maliro, amene agogo athu adayambitsa m'migodi kuti mlendo asaikidwe ngati galu, amadziwa kusonkha ndalama ya bokosi usiku umodzi. Bungwe lomwelo lingathe kupatula kandalama ka kombi yopita kuchipatala, kapena kupeza woperekeza mwana pamene mayi ake akanizidwa kuchoka pantchito. Tikumbukire kuti mtsikana uja wa dokotala Chibanda chidamutsekereza ndi ndalama ya basi.

Kuchira sikuchitika tsiku limodzi. Mnyamata wanga zidamutengera miyezi, ndipo padali masabata ena amene ankaoneka ngati wabwerera m'mbuyo. Chimene chidathandiza ndi uphungu umene ankalandira, kudya naye pamodzi madzulo, kumulimbikitsa pang'onopang'ono kubwerera kwa anzake ndi kumpira, ndiponso tsiku limene ndidamuuza kuti ndidalakwa pomumenya. Bambo anga sadanenepo mawu otere kwa ine, ndipo kuwatulutsa pakamwa kudandivuta kuposa kusenza matumba a feteleza.

Agogo athu adaoloka Zambezi kuti ana awo akhale ndi moyo wabwino kuposa wawo. Sadapirire kuti kupirirako kudzakhale lamulo pa mwana wodwala. Tsiku lanu lopuma likafika sabata ino, musanayambe kuchapa ndi kusesa, itanani mwana wanu mupite naye kumjigo, ndipo panjira mumufunse mmene akugonera usiku.